Betty Archdale: Kaputeni Woyamba mu Mpikisano wa Kiriketi ya Amayi

Mawu oyamba

Dzina la Betty Archdale ndidakumana nalo pamene ndinkawerenga mbiri ya mpikisano wa kiriketi wa pakati pa amayi a ku England ndi a ku Australia, umene masiku ano umatchedwa Women's Ashes. Mpikisanowu ndiwo wakale kuposa mipikisano yonse ya kiriketi ya amayi ya pakati pa mayiko, pakuti udayamba mu Disembala 1934. Paliponse pamene ndinkawerenga, nkhani inkayamba ndi mayi ameneyu chifukwa ndiye adatsogolera timu ya England pa ulendo woyambawo. Choncho ndidaganiza kuti ndikayang'ana zimene adachita pabwalo ndipeza katswiri woposa onse a m'nthawi yake. Koma zimene ndidapeza zidandidabwitsa. Archdale adasewera masewera a pakati pa mayiko asanu okha, ndipo zigoli zake zonse kuphatikiza pamodzi zidali 133. Mnzake wina wa timu yomweyo adapeza zigoli 189 pa masewera amodzi okha.

Apa mpamene padabuka funso limene ndikufuna kuyankha m'nkhani ino: n'chifukwa chiyani munthu amene sadali katswiri weniweni pabwalo akukumbukiridwa chonchi? Kuti ndiyankhe, ndifotokoza banja limene adabadwiramo, maphunziro ake, ulendo wa ku Australia, ntchito zimene adagwira atasiya kusewera, komanso m'mene mpikisano umene adauyambitsa udakulira.

Kiriketi mwachidule

Popeza ambiri a ife sitidakule tikusewera kiriketi, ndi bwino ndiyambe ndafotokoza m'mene masewerawa amayendera. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11. Pakati pa bwalo pamazikidwa timitengo titatu mbali ino ndi titatu mbali inayo, ndipo timitengoti timatchedwa wiketi. Timu imodzi imaponya mpira n'cholinga chogwetsa wiketi, pamene inzake imatumiza anthu awiriawiri kukateteza wiketiyo pomenya mpira ndi thabwa. Womenya akaumenya mpira n'kuthamanga kukafika pa wiketi inayo amapeza chigoli chimodzi, ndipo zigoli zimenezi amazitcha marani. Womenya amatuluka wiketi ikagwa kapena mpira umene wamenya ukawakhidwa usadagunde pansi. Anthu khumi akatuluka, matimu amasinthana. Masewera olemekezeka kwambiri a pakati pa mayiko amatchedwa Test. Iwowa amatenga masiku angapo, ndipo timu iliyonse imakhala ndi mwayi womenya kawiri. Munthu mmodzi akapeza marani 100 asadatuluke, amakhala kuti wachita chinthu chachikulu.

Banja ndi ubwana

Helen Elizabeth Archdale adabadwa pa 21 Ogasiti 1907 mu mzinda wa London. Bambo ake, a Theodore Archdale, adali msilikali wochokera ku Ireland. Mayi ake, a Helen Archdale, adali mmodzi mwa amayi amene ankamenyera ufulu wa akazi woponya voti, pakuti nthawi imeneyo ku Britain amuna okha ndiwo ankasankha aphungu a nyumba ya malamulo. Mtima wosagonjawu udali wakumtundu. Agogo ake aakazi a Betty, a Helen Evans, adali m'gulu la amayi asanu ndi awiri amene mu 1869 adalimbana kuti aloledwe kuphunzira udokotala pa yunivesite ya Edinburgh, pa nthawi imene maphunzirowa ankati ndi a amuna okha.

Mayi ake a Betty adali membala wa bungwe la Women's Social and Political Union limene Emmeline Pankhurst adalikhazikitsa mu 1903. Amayi a m'bungweli adatopa ndi kupempha mwaulemu popanda kumvedwa, motero adayamba kusokoneza misonkhano ya andale ndi kuphwanya mawindo a maofesi a boma. Mu 1909 a Helen adamangidwa ku Dundee atasokoneza msonkhano wa Winston Churchill, ndipo ali m'ndende adanyanyala chakudya. Kumapeto kwa 1911 adalamulidwa kukhala miyezi iwiri m'ndende ya Holloway chifukwa chophwanya mawindo. Apa n'kuti Betty ali ndi zaka zinayi zokha. Pankhurst mwiniwakeyo ndiye adali mayi wake wa ubatizo. Amati m'mera mpoyamba: mwanayu adakula akuona kuti mkazi akhoza kutsutsa lamulo poyera, kulowa m'ndende, n'kutulukamo wosachita manyazi.

Chaka cha 1918 chidabweretsa chimwemwe ndi chisoni m'banjali. Chimwemwe chidali chakuti akazi ena a zaka zoposa 30 adapatsidwa ufulu woponya voti, ngakhale kuti kufanana kwenikweni ndi amuna kudadza mu 1928. Chisoni chidali chakuti pa 10 Okutobala 1918, kutangotsala mwezi umodzi kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse ithe, sitima ya RMS Leinster idamizidwa ndi sitima yankhondo ya ku Germany pafupi ndi Dublin. Anthu oposa 500 adafa, ndipo bambo ake a Betty adali mmodzi mwa iwo. Iye adali ndi zaka 11. Kuchokera apo adakhala m'manja mwa mayi ake, amene mu 1920 adakhala mkonzi wa magazini ya *Time and Tide* yolimbikitsa ufulu wa amayi.

Maphunziro

Betty adaphunzira pa sukulu ya Bedales ku England, kenako pa sukulu ya atsikana ya St Leonards mu tauni ya St Andrews ku Scotland. Sukulu yachiwiriyi idali imodzi mwa sukulu zochepa zimene zinkalola atsikana kusewera masewera amene anthu ankati ndi a anyamata, kuphatikizapo kiriketi. Atamaliza kumeneko adawoloka nyanja kupita ku Canada, kumene adaphunzira za chuma ndi za ndale pa yunivesite ya McGill mu mzinda wa Montreal, ndipo adalandira digiri yake mu 1929. Atabwerera ku London adayamba maphunziro a zamalamulo, makamaka malamulo a pakati pa mayiko, ndipo adakhalako kanthawi ku Soviet Union pa maphunziro omwewo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 adavomerezedwa kukhala loya ku Gray's Inn. Pa nthawi yonseyi ankaseweranso kiriketi mu timu ya amayi ya chigawo cha Kent.

Tikaona maphunziro amenewa, tikhoza kumvetsa chifukwa chake akuluakulu a masewera adamusankha kukhala kaputeni mu 1934. Adali ndi zaka 27, adali atayenda kale m'mayiko ena, ankadziwa kulankhula pagulu, ndiponso sankachita mantha ndi atolankhani. Zinthu zimenezi zidali zofunika kwambiri chifukwa cha m'mene zinthu zidalili pakati pa England ndi Australia pa nthawiyo.

Chidani chimene amuna adasiya

Amayi ku England adakhala akusewera kiriketi kwa zaka zambiri, koma bungwe lowayang'anira, la Women's Cricket Association, lidakhazikitsidwa mu 1926. La ku Australia lidabadwa mu 1931, ndipo ndilo lidaitana anzawo a ku England kuti akacheze. Kuitanaku kudadza pa nthawi yovuta.

M'nyengo ya 1932 mpaka 1933 timu ya amuna ya England idapita ku Australia kukalimbirana chikho cha Ashes. Australia idali ndi mnyamata wina, Don Bradman, amene ankapeza marani ochuluka kotero kuti palibe ankadziwa njira yomutulutsira. Kaputeni wa England, Douglas Jardine, adakonza zoti oponya mpira ake, makamaka Harold Larwood, aziponya mwamphamvu molunjika thupi la womenya m'malo molunjika wiketi. Njirayi idatchedwa bodyline. England idapambana masewera anayi mwa asanu, koma anthu adavulala. Ku Adelaide kaputeni wa Australia, Bill Woodfull, adagendedwa pachifuwa, ndipo Bert Oldfield adasweka chigaza. Owonerera adakwiya koopsa, mabungwe a masewera a mayiko awiriwa adatumizirana mauthenga aukali, mpaka nkhaniyi idafika kwa andale. Ku Australia munthu wa ku England wonyamula thabwa la kiriketi ankaonedwa ngati wodzikuza ndi wankhanza.

Patangopita chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, Archdale ndi anzake adakwera sitima kulowera komweko. Mavuto awo adali awiri. Loyamba lidali chidani chimene amuna adasiya. Lachiwiri lidali lakuti anthu ambiri, m'mayiko onse awiri, ankaona kiriketi ya amayi ngati nthabwala, ndipo manyuzipepala ankakonda kulemba za masiketi ndi tsitsi la osewera kusiyana ndi kaseweredwe kawo. Ulendowu ukadalephereka, kaya chifukwa cha mkangano kaya chifukwa cha masewera osakoma, otsutsa akadapeza umboni wakuti amayi sangathe, ndipo mwina pakadapita zaka zambiri wina asadayesenso.

Ulendo wa 1934 mpaka 1935

Osewera adadzilipirira okha ulendowu, aliyense mapaundi pafupifupi 80, ndalama zambiri zedi pa nthawiyo. Amayi apabanja sadaloledwe kupita nawo chifukwa ankati sangasiye nyumba kwa miyezi yambiri chotero. Atayenda panyanja kwa milungu ingapo adafika kumadzulo kwa Australia mu Novembala 1934, ndipo adayamba kusewera ndi matimu a m'zigawo kuyambira ku Perth kulowera kummawa.

Test yoyamba m'mbiri ya kiriketi ya amayi idayamba pa 28 Disembala 1934 pa bwalo la Exhibition Ground ku Brisbane. Kaputeni wa Australia adali Margaret Peden. Australia idayamba kumenya, koma yonse idatuluka itapeza marani 47 okha. Amene adaisautsa adali Myrtle Maclagan, yemwe adatulutsa anthu asanu ndi awiri n'kungolola marani 10. England itayamba kumenya, Maclagan yemweyo adapeza marani 72. Komabe anzake ambiri adatuluka msanga chifukwa Anne Palmer wa Australia nayenso adatulutsa anthu asanu ndi awiri pa marani 18 okha. Apa ndi pamene Archdale adaonetsa khalidwe lake pabwalo. Adalowa zinthu zikusokonekera, adadekha, ndipo adapeza marani 32 osatuluka mpaka timu yake idafika pa 154. Marani 32 amenewa ndiwo ochuluka kuposa onse amene adapezapo mu Test. England idapambana ndi mawiketi asanu ndi anayi.

Test yachiwiri idachitikira ku Sydney mu Januwale 1935. Maclagan adapeza marani 119, kukhala mayi woyamba kufika pa 100 mu Test, ndipo England idapambananso. Yachitatu, ya ku Melbourne, idatha popanda wopambana. Kumeneko amene adawala adali Peggy Antonio, mtsikana wa zaka 17 wogwira ntchito mu fakitale mu mzinda womwewo, amene kaponyedwe kake kopotokola mpira kadazunguza alendowo. Motero England idatenga mpikisano woyamba ndi masewera awiri kwa ziro. Pobwerera adadzera ku New Zealand, ndipo mu Febuluwale 1935 ku Christchurch adapeza marani 503 pamene eni bwalo adali atapeza 44 okha pa mwayi wawo woyamba. Kumeneku n'kumene Betty Snowball adapeza marani 189 amene ndatchula kumayambiriro aja.

Zikuonekeratu kuti pabwalo akatswiri adali Maclagan, Snowball ndi Molly Hide. Nanga ntchito ya kaputeni idali yotani? Mu kiriketi kaputeni ndiye amasankha woponya mpira, amaika osewera m'malo awo, ndipo amagamula nthawi yosiya kumenya kuti mdani alowe. Palibe mphunzitsi amene amamukuwira ali kunja kwa bwalo. Kupatula apo, pa ulendo ngati umenewu kaputeni ndiye ankalankhula pa madyerero, pamaso pa mameya, pa wailesi ndi kwa atolankhani, tauni ndi tauni. Archdale ankalankhula mosapita m'mbali koma mwanthabwala, ankayamikira adani ake, ndipo sadalole kuti timu yake ikokeredwe m'mikangano ya amuna. Anthu masauzande adabwera kudzaonerera, ndipo manyuzipepala amene adayamba ndi kuseka adamaliza akulemba za masewera enieni. Olemba mbiri ambiri amavomereza kuti ulendowu udathandiza kuziziritsa mitima imene bodyline idatenthetsa.

Umboni wakuti ulendowu udaphula kanthu ndi wakuti sudakhale womaliza. Mu 1937 amayi a ku Australia adabweza ulendo ku England. Adapambana ku Northampton, adagonja ku Blackpool, ndipo ku The Oval sikudapezeke wopambana. Kaputeni wa England tsopano adali Molly Hide, ndipo Archdale adasewera Test imodzi yokha pansi pa mnzakeyo. Imeneyo idali yomaliza kwa iye.

Nkhondo ndi moyo watsopano ku Australia

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, masewera adaima. Archdale adasiya uloya n'kulowa nthambi ya amayi ya asilikali a pamadzi, yotchedwa Women's Royal Naval Service. Mu 1941 adatsogolera gulu la atsikana odziwa za mauthenga a pa wailesi kupita ku Singapore, kumene ntchito yawo idali yomvetsera mauthenga a asilikali a ku Japan. Singapore idagwa m'manja mwa Japan mu Febuluwale 1942, koma gululi lidali litasamutsidwira kale ku Colombo, ndipo pambuyo pake lidapita ku Mombasa m'dziko la Kenya. Mu 1944 adalandira ulemu wa MBE chifukwa cha ntchito yake ya pa nkhondo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: mayi yemwe uja adatsogolera atsikana pa bwalo la masewera ndiye ankawatsogoleranso pakati pa zoopsa zenizeni.

Nkhondo itatha adakhazikika ku Australia, dziko limene adalikonda pa ulendo wa kiriketi uja. Mu 1946 adasankhidwa kukhala mkulu wa Women's College, nyumba yogona ndi kuphunziriramo atsikana a pa yunivesite ya Sydney, ndipo adakhala pa udindowu zaka zoposa khumi. Mu 1958 adakhala mphunzitsi wamkulu wa Abbotsleigh, sukulu ya atsikana ya mpingo wa Anglican ku Wahroonga mu Sydney, kufikira 1970. Adakhalanso zaka 25 mu khonsolo yoyendetsa yunivesite ya Sydney.

Pa Abbotsleigh ndi pamene maganizo ake adaonekera bwino. Adachepetsa malamulo okhwima okhudza zovala, monga a zipewa ndi magolovesi. Adalimbikitsa atsikana kuphunzira fizikisi, phunziro limene ambiri ankati silikuyenera akazi. Adayambitsa maphunziro okhudza kakulidwe ka thupi ndi kugonana pa nthawi imene makolo ambiri ankaona nkhanizi ngati zolaula. Chimene chidandikhudza kwambiri ine ndi chakuti adaika patsogolo mbiri ya dziko la Australia m'malo mwa mbiri ya Britain. Iye adali mbadwa ya ku England, mwana wa msilikali wa mfumu, koma adaona kuti si nzeru kuti mwana adziwe mafumu a dziko lakutali asadadziwe za dziko limene akupondapo. Ife amene timaphunzira zilankhulo zathu pa yunivesite, titadutsa m'sukulu zimene Chingerezi ndicho chinkalamula, tikudziwa kulemera kwa ganizo limeneli. Atapuma ntchito adalemba buku lofotokoza zimene adakumana nazo monga mphunzitsi wamkulu, lotchedwa *Indiscretions of a Headmistress*, limene lidatuluka mu 1972. Ankamvekanso kawirikawiri pa wailesi ndi pa kanema akupereka maganizo ake pa za maphunziro ndi za amayi.

M'mene mpikisano udakulira

Pamene Archdale ankaphunzitsa, mbewu imene adafesa mu 1934 inkakula, ngakhale kuti inkakula pang'onopang'ono. Ndalama zidali zosowa, choncho nthawi zina pankapita zaka zambiri England ndi Australia osakumana. Mu 1958 padakhazikitsidwa bungwe loyang'anira kiriketi ya amayi pa dziko lonse, la International Women's Cricket Council. Mu 1973 amayi adachititsa mpikisano woyamba wa chikho cha dziko lonse ku England, zaka ziwiri amuna asadachititse wawo. Amene adatsogolera ganizoli adali kaputeni wa England wa nthawiyo, Rachael Heyhoe Flint, mothandizidwa ndi munthu wina wachuma, Jack Hayward, amene adapereka mapaundi 40,000. Matimu asanu ndi awiri adapikisana ndipo England idapambana.

Komabe khomo lina lidali lotsekabe. Bwalo la Lord's ku London limatengedwa ngati likulu la kiriketi, ndipo eni ake ndi kalabu ya Marylebone Cricket Club, imene idakhazikitsidwa mu 1787. Amayi adaloledwa kusewerapo koyamba mu 1976, koma umembala wa kalabuyi udali wa amuna okha. Mu Julayi 1998, pa Lord's pomwepo, osewera a England ndi Australia adawotcha thabwa lomenyera mpira limene onse adasainapo pamodzi ndi buku la malamulo a Women's Cricket Association, n'kuika phulusalo m'chikho chamtengo. Kuyambira pamenepo mpikisano wawo udakhala ndi phulusa lakelake, monga momwe wa amuna ulili. Chaka chomwecho bungwe la amayi lija lidalowa m'bungwe lalikulu loyendetsa kiriketi ku England, ndipo mu Seputembala mamembala a Marylebone Cricket Club adavota kuti akazi aloledwe, patatha zaka 211.

Mu Malichi 1999 kalabuyi idalengeza amayi khumi oyamba kupatsidwa umembala waulemu. Archdale adali mmodzi mwa iwo, pamodzi ndi Heyhoe Flint. Adali ndi zaka 91, ndipo padali patapita zaka 64 chitsogolereni timu ya dziko lake. Ku Australia adali atalemekezedwa kale mu 1997, pamene adaikidwa pa mndandanda wa anthu amoyo amene dzikolo limawatenga ngati chuma chake. Adamwalira ku Sydney mu Januwale 2000 ali ndi zaka 92. Sadakwatiwe, ndipo zaka zambiri za ukalamba wake adakhala ndi mlongo wake Alexander, amene adali katswiri wa zisudzo.

Zambiri zachitika iye atapita. Mu 2005 bungwe la International Cricket Council lidayamba kuyendetsa kiriketi ya amuna ndi ya amayi yomwe. Kuyambira mu 2013 wopambana Women's Ashes amapezeka pophatikiza mapointi a Test ndi a masewera aafupi a tsiku limodzi. Pa 8 Malichi 2020 anthu 86,174 adadzaza bwalo la Melbourne Cricket Ground kudzaonerera ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse cha amayi cha T20, imene Australia idagonjetsa India. Ngakhale timu ya amayi ya Malawi idasewera masewera ake oyamba ovomerezeka a T20 a pakati pa mayiko ku Gaborone mu Ogasiti 2018. Kumayambiriro kwa 2025, patatha zaka 90 chichitikireni mpikisano woyamba uja, England ndi Australia adakumananso mu Test ku Melbourne, ndipo ulendo uno Australia ndiyo idapambana masewera onse a mpikisanowo.

Pomaliza

Ndibwerere ku funso langa lija. Nditawerenga za moyo wa Archdale ndidazindikira kuti ndidalakwitsa poyamba ndi ziwerengero. Marani 133 amangotiuza za kamenyedwe kake ka mpira. Satiuza kuti ulendo wa 1934 ukadatha kulephereka, ndiponso kuti udafunika mtsogoleri wodziwa kusunga timu pamodzi kwa miyezi yambiri kutali ndi kwawo, pamaso pa anthu amene ena adabwera kudzaseka ndipo ena adabwera ndi mkwiyo. Luso lomwelo ndilo adaligwiritsa ntchito ku Singapore, pa koleji ya atsikana, ndi pa Abbotsleigh. Paliponse ntchito yake idali imodzi: kutenga atsikana, kuwapatsa zochita zimene anthu ankati sangathe, ndi kuwateteza mpaka atazitha.

Sindikufuna kumukometsera mopitirira muyeso. Archdale adabadwira m'banja lopeza bwino, adaphunzira m'sukulu zodula, ndipo adatha kupeza mapaundi 80 pa nthawi imene mabanja ambiri ku England ankavutika ndi ulova. Mtsikana wa mu fakitale wa ku England, ngakhale akadakhala ndi luso ngati la Peggy Antonio, zikadamuvuta kukwera sitima ija. Mayi wapabanja sakadaloledwa n'komwe. Khomo limene adatsegula lidali la ochepa, ndipo padatenga mibadwo ina kuti likule. Ndiponso mutu umodzi susenza denga: popanda Maclagan, Snowball, Hide, Peden ndi Antonio, kulankhula kwake kwabwino sikukadathandiza kanthu.

Ngakhale zili choncho, ndikamuyerekeza ndi mayi ake ndimaona kuti onse awiri ankamenya nkhondo imodzi ndi zida zosiyana. Mayi ake adasankha kuphwanya mawindo chifukwa palibe ankawamvera. Betty adapeza ufulu woponya voti utapambanidwa kale, choncho nkhondo yake idali yotsimikizira okayika kuti akazi akapatsidwa mpata amautha. Ndikukhulupirira kuti njira zonse ziwirizi zidali zofunika, ndipo yachiwiriyi sikadatheka popanda yoyambayo. Chimene chimandivuta kuvomereza ndi kutalika kwa nthawi imene adadikira. Tili ndi mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Archdale adadekhadi mpaka adawaona. Koma zaka 64 ndi zambiri, ndipo anzake a ulendo uja monga Maclagan, amene adamwalira mu 1993, ndi Hide, amene adamwalira mu 1995, adapita khomo la Lord's lisadatseguke.